Funsani Tikuyankheni: Ntchito za Kafukufuku ndi Zomenyera Ufulu wa Achinyamata

Makalata a mwezi uno achokera ku Mchinji. Akuyankha ndi akadaulo ochita kalondolondo wa mapulojekiti pamodzi ndi aparaligo, anthu othandiza pa zamalamulo omwe si maloya.

Akonzi, ndinakhoza MSCE koma kuyunivesite sindinasankhidwe. Kwathu kuno kumabwera anyamata ndi atsikana onyamula matabuleti, n'kumafunsa mafunso khomo ndi khomo. Ntchito imeneyi amailowa bwanji? Nanga mawu akuti evidence-based omwe ndimawaona m'zidziwitso za ntchito amatanthauza chiyani?
*Mtsikana wa kwa Kamwendo*

Tiyambe ndi mawu achingereziwo, achemwali, pakuti boma lanu lomwelo likhoza kuwamasulira bwino kuposa buku. Mtukula Pakhomo anayambira ku Mchinji mu 2006. Panthawiyo anthu ambiri ankati munthu wosauka ukamupatsa ndalama m'manja, zithera ku kachasu. M'malo mokangana pakamwa, ofufuza a Boston University ndi a Centre for Social Research ya ku Zomba analondola mabanja pafupifupi 800 kuyambira mu 2007 mpaka 2008. Midzi ina inayamba kulandira ndalama, ina inadikira kaye, kenako anayerekeza magulu awiriwo. Anapeza kuti olandira ankadya bwinoko, anagula nkhuku ndi mbuzi, ndipo ana awo anachepetsa maganyu n'kumapita kusukulu. Panapezekanso china chomwe ambiri sankachiganizira: ntchito za ana pakhomo pawo zinawonjezeka, popeza tsopano panali ziweto ndi munda wofuna manja. Lero pulogalamuyi ili m'maboma onse 28. Ndiye tanthauzo lake ndi limenelo: ntchito yomwe yayesedwa kaye, zotsatira zake n'kuwerengedwa, zokoma ndi zowawa zomwe, isanafalitsidwe.

Ku Mchinji komweko kunalinso MaiMwana, yomwe inagawa midzi m'zigawo 48 pofuna kuona ngati magulu a amayi ndi alangizi a kayamwitsidwe amachepetsa imfa za amayi ndi makanda. Omwe ankalemba za ana obadwa ndi omwalira mwezi ndi mwezi anali anthu a m'midzi momwemo, osati azungu.

Anzanu a matabuletiwo amatchedwa ma enumerator, ndipo khomo lolowera ndi limeneli. Mabungwe ambiri amafuna MSCE yokhala ndi makirediti a Chingerezi ndi masamu, ngakhale masiku ano a madipuloma ndi madigiri akulimbiranso malo omwewo. Olemba ntchito ndi monga National Statistical Office ya ku Zomba, yomwe inagwiritsa ntchito matabuleti pa kalembera wa 2018, mayunivesite, makampani a kafukufuku ndi mabungwe omwe si aboma. Mukaitanidwa ku maphunziro musayambe mwakondwa. Amakhala a masiku asanu kapena khumi, amaitana anthu ochuluka kuposa ofunikawo, ndipo pomaliza pali mayeso. Ogwa ambiri sagwa ndi tabuleti. Amagwa chifukwa chosintha funso powerenga, kapena kumuikira mawu m'kamwa woyankha.

Taonani mmene zimakhalira. Mwakhala pa mkeka pakhonde, mayi akutongola chimanga, ndipo tabuleti ikuti mufunse kuti dzulo anadya kangati. Mayiwo ayamba ayang'ana baji yanu, kenako galimoto yomwe mwaisiya pa mtengo wa mango paja, n'kuyankha kuti, "Kamodzi kokha, mwanawe." Akuganiza kuti mukulemba maina a olandira chithandizo. Ngati simunafotokoze poyambirira kuti kafukufukuyu sabweretsa thumba la chimanga, mayankho onse otsatira apendekera ku umphawi. Komanso kwa ambiri kudya ndi nsima. Phala la m'mawa ndi mbatata yootcha saziwerenga, choncho muyenera kufunsitsa popanda kuwauza choyankha. Mawu akuti banja nawonso ndi msampha. Pa kafukufuku timawerenga odyera mphika umodzi, ndiye bambo wamitala, mkamwini ndi mdzukulu wogona kwa agogo koma wodya kwa amake, aliyense ali ndi lamulo lake la kawerengedwe. Zokolola anthu amanena m'ngolo ndi m'ndowa pamene fomu ikufuna makilogalamu. Munda amanena maekala pamene fomu ikufuna mahekitala, ndipo hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Agogo osadziwa chaka chobadwa mumawathandiza ndi zochitika: pa njala ya 1949 anali atabadwa? Pa riferendamu ya 1993 anali ndi ana angati?

Chenjezo limodzi. Dzuwa likatentha ndipo makomo atalikirana, pamabwera chiyeso chokhala pansi pa mtengo n'kudzaza mafomu nokha. Tabuleti imasunga malo omwe munaima ndi mphindi zomwe funso lililonse latenga. Kuonjezera apo, gulu lina limabwerera ku khomo limodzi mwa makomo khumi alionse kukafunsanso mafunso omwe yankho lake silisintha, monga denga la nyumba kapena chiwerengero cha ana. Wogwidwa amachotsedwa tsiku lomwelo, ndipo poti oyang'anira magulu amadziwana, mbiriyo imakafika kwina iye asanafike.

Podikira mwayi, tsegulani akaunti yaulere ya KoboToolbox pa intaneti, pangani fomu ya mafunso 15, ifunseni kwa anansi khumi pa foni yanu, ndipo mayankhowo muwatsitse mu Excel. Pa intavyu mudzakhala ndi chinthu chogwirika choonetsa. Ngati mumatha Chinsenga cha kumalire kuno kapena Chitumbuka, lembani pa CV.

Gulu lathu la achinyamata latha zaka ziwiri likuchita misonkhano ndi zisudzo zolimbana ndi maukwati a ana. Titapempha thandizo ku bungwe lina, anatifunsa umboni woti ntchito yathu ikuphula kanthu. Tinatumiza zithunzi ndi maina a obwera kumisonkhano koma anatikana. Tinalakwitsa pati?
*Wapampando wa gulu, dera la Mkanda*

Simunaname, achimwene, koma munayankha funso lomwe sanakufunseni. Zithunzi zikuonetsa kuti munagwira ntchito. Iwo akufuna kudziwa chomwe chinasintha. Anthu 300 akhoza kuombera m'manja sewero Loweruka, Lolemba lake mwana wa Sitandade 7 n'kulowa m'banja.

Sankhani chinthu chimodzi kapena ziwiri zowerengeka. Chosavuta ndi atsikana a Sitandade 5 mpaka 8 omwe asiya sukulu, ndi chifukwa chake. Kudzera kwa PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale) wa zoni yanu ndi aphunzitsi aakulu, pemphani kuona marejisitala a sukulu zinayi zomwe mumagwirako, kuyambira chaka chomwe musanayambe ntchito. Chaka chimenecho ndiye poyambira panu. Lembani manambala okha, maina a ana asatuluke pasukulu.

Apa pali maenje atatu omwe magulu ambiri amagweramo. Loyamba, kunena chiwerengero chopanda chinzake. Tiyerekeze kuti chaka china anasiya atsikana 20, chaka chotsatira 15. Zikuoneka ngati zabwino. Koma ngati poyamba analipo 400 ndipo kenako 250, ndiye kuti osiya akwera kuchoka pa 5 kufika pa 6 mwa atsikana 100 alionse. Lachiwiri, kuyerekeza nyengo zosiyana. Temu ya Januwale, pomwe nkhokwe zauma ndipo kumunda kukufuna manja, siifanana ndi ya Meyi. Yerekezani temu ndi temu inzake ya chaka china. Lachitatu ndi lopweteka: kudzitengera ulemu wa ntchito ya wina. Mwina osiya anachepa chifukwa sukuluyo inayamba kuphika phala, kapena mtedza ndi soya zinagulidwa bwino chaka chimenecho. N'chifukwa chake muyenera kuwerenganso sukulu zinayi zofanana nazo zomwe simunafikeko. Ngati kumenekonso osiya achepa mofanana, sewero lanu si limene lachititsa.

Rejisitala nayo imanama mosadziwa. Mwana wolembedwa kuti anasamuka nthawi zina ali pabanja kuseri kwa malire, ku Chipata. Tengani maina ochepa pamodzi ndi a mother group, iwo akatsimikize m'midzi.

Musaope zotsatira zosakoma. Ku Zomba, mu 2008 ndi 2009, ofufuza anapereka ndalama kwa atsikana m'njira ziwiri: ena polamula kuti azipita kusukulu, ena popanda lamulo. Njira yoyamba inasunga atsikana ambiri m'kalasi, koma yachiwiri ndi imene inachepetsa kwambiri mimba ndi maukwati, chifukwa ndalama zinkafikabe kwa omwe asiya sukulu. Zoterezi sizikanadziwika pongoyang'ana zithunzi. Lipoti lonena kuti "m'sukulu ziwiri zinasintha, m'ziwiri sizinasinthe, ndipo tikuganiza kuti chifukwa chake ndi ichi" limakhulupirika kuposa lodzaza ndi chipambano chokhachokha.

Mukafuna kufunsa ana eniakewo mafunso ozama, imani kaye. Pamafunika chilolezo cha kholo, kuvomera kwa mwanayo, ndipo ngati ndi kafukufuku weniweni, chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku pansi pa National Commission for Science and Technology.

Ndili ndi digiri ya Social Science koma ntchito za M&E (kalondolondo wa mapulojekiti) zonse zikufuna zaka zitatu za luso. Ndiyambire pati?
*Wongokhala, pa Boma*

Zaka zitatuzo sizipezeka mu ofesi. Makwerero ake ndi enumerator, woyang'anira gulu, woyeretsa deta, kenako wothandizira wa M&E. Digiri imangofulumizitsa kukwera. Phunzirani Excel mpaka pivot table isakuvuteni, kenako pulogalamu imodzi yosanthulira deta mwa Stata, SPSS kapena R. R ndi yaulere. Mukafuna za umoyo, dziwani DHIS2, momwe zipatala zimatumizira malipoti a mwezi. Pemphani kudzipereka ku ofesi ya mapulani ya khonsolo, muone mmene nkhani imayendera kuchoka ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi) kupita ku ADC (ya dera la mfumu yaikulu) mpaka ku DEC (komiti ya akuluakulu a nthambi za boma pa khonsolo). Ambiri odziwa Stata amalephera ntchito chifukwa chosadziwa kuti pulojekiti siilowa m'mudzi isanadutse ku DEC ndi kwa mfumu.

Mng'ono wanga wa zaka 15 anagwidwa pamsika usiku n'kugona m'chitokosi masiku anayi pamodzi ndi akuluakulu. Anatuluka, koma ineyo ndinasowa chonena chifukwa chosadziwa malamulo. Ndikufuna ntchito yothandiza ana otere. Kodi mpaka ndikhale loya?
*Mlongo wake, Kapiri*

Ayi, achemwali. Uloya ndi digiri ya malamulo, kenako maphunziro a ku Malawi Institute of Legal Education. Koma munthu woyamba kufika pa chitokosi kawirikawiri ndi paraligo. Ntchitoyi inakhazikika kuno mu 2000 ndi gulu lomwe lero limatchedwa Paralegal Advisory Service Institute (PASI), ndipo aparaligo amapezekanso ku Legal Aid Bureau ndi m'mabungwe a mipingo. Paraligo saimira munthu pa mlandu ngati loya. Amayendera zitokosi ndi ndende, kufufuza makolo, kufotokozera omangidwa za belo, ndi kukumbutsa akhoti za mafayilo oiwalika. Njira ina ndi ya social welfare: Magomero College ku Chiradzulu imaphunzitsa za chitukuko cha m'midzi ndi chisamaliro cha anthu, ndipo mayunivesite angapo ali ndi digiri ya social work.

Malamulo oti muwadziwe pamtima si ambiri. Mu 2017 aphungu anasintha Malamulo Aakulu a dziko kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18. Ndime 42 ya malamulo omwewo imati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chomwe amamva, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa tsiku lomwe khoti silikhala, apite tsiku loyamba lomwe khoti latsegula. Wogwidwa Lachisanu madzulo ayenera kuonekera Lolemba, osati Lachitatu. Ndime yomweyo imati mwana asasakanizidwe ndi akuluakulu, ndipo kumutsekera kukhale njira yomaliza. Lamulo la chisamaliro ndi chilungamo cha ana la 2010 limafuna kuti makolo ndi a social welfare adziwitsidwe, ndipo pa milandu ing'onoing'ono limalola kupatutsa mwana kuti asalowe m'khoti: apepese, abweze zomwe anatenga, kapena alandire uphungu. Mwana wosakwana zaka 10 sazengedwa mlandu n'komwe. Za vakabu, mu Januwale 2017 khoti lalikulu pa mlandu wa Mayeso Gwanda, yemwe anagwidwa m'mamawa akupita kukagulitsa majumbo ku Limbe, linathetsa ndime 184(1)(c) ya Penal Code yomwe inkagwiritsidwa ntchito pogwira anthu ongoyenda.

Mukamva kuti mwana wagwidwa, musathamangire kupolisi chimanjamanja. Nkhondo yaikulu imakhala pa zaka. Mnyamata wolima amaoneka wamkulu, ndipo akalembedwa kuti ali ndi zaka 19, chitetezo chonse chija chagwa. Tengani satifiketi ya kubadwa, kabuku ka kusikelo, khadi la ubatizo kapena kalata ya aphunzitsi aakulu yochokera mu rejisitala. Pa kauntala perekani moni, nenani ubale wanu, ndipo funsani mwaulemu zinthu zitatu: wagwidwa pa mlandu wanji, nthawi yanji, ndipo akusungidwa ndi ndani. Lembani mayankhowo m'kope, ndi tsiku ndi ola. Pitani ku Victim Support Unit ndipo imbirani ofesi ya social welfare ya boma. Mwana asafunsidwe mafunso popanda kholo kapena wamkulu womuimira. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo wina akatchula ndalama, lembani zimenezonso. Zikakanika, dandaulo lolembedwa lipite kwa mkulu wa polisiyo, ku Legal Aid Bureau kapena ku Malawi Human Rights Commission.

Ofuna ntchitoyi ambiri amabwera ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndi womveka. Koma wokalipa pa kauntala amauzidwa kuti abwere mawa, mwana n'kugonanso momwemo. Wofika ndi kope ndi kabuku ka kusikelo savuta kumumvera.

Ndine mphunzitsi. Mtsikana wa m'kalasi mwanga wa zaka 14 wakwatiwa. Achinyamata ena akufuna kukamulanda n'kuika zithunzi pa Facebook kuti anthu aone. Ndiwalole?
*Mphunzitsi, Waliranji*

Zithunzizo ayi, aphunzitsi. Nkhope ya mwana ikalowa pa intaneti siituluka, ndipo akabwerera kusukulu anzake adzamusekera chithunzi chomwecho. Kukamulanda ngati gulu nakonso kumabala ndewu ndi milandu ina. Lamulo lili mbali yanu kale: la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo kusintha kwa 2017 kunatseka mpata woti makolo avomereze ukwati wa wochepera apo.

Dziwitsani child protection worker wa dera lanu ndi a mother group, kenako a social welfare ndi Victim Support Unit. Nambala ya 116 ndi yaulere. Kuchipatala kusachedwe: mankhwala oteteza ku HIV amagwira akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi pasanathe masiku asanu. Amfumu athandize kuthetsa ukwatiwo, koma mlandu wogona ndi mwana suthera pabwalo la mfumu ndi chindapusa cha mbuzi. Ndi wa polisi ndi khoti.

Pomwe ntchito zoterezi zimafera ndi pambuyo pake. Mwana wabwerera kunyumba komwe kulibe ufa, yunifolomu anagulitsa, ndipo makolo ali ndi ngongole ya zomwe analandira. Pakatha miyezi itatu wabwerera kwa bambo uja, pamene lipoti linalemba kale kuti wapulumutsidwa. Musanamuchotse, dziwani komwe akagone, yemwe agule makope, ndiponso ngati banjalo lingaganiziridwe pa Mtukula Pakhomo kapena bursary ya khonsolo. Ngati ali ndi pakati, ndondomeko ya Unduna wa Maphunziro imamulola kubwerera akachira, ndipo aphunzitsi aakulu alembe zimenezo asanachoke. Muyendereni pakatha mwezi umodzi, itatu ndi isanu ndi umodzi. Muwerengeni ngati wabwerera kusukulu pokhapokha wamaliza temu.

Pa esiteti ina kuno ana akusoka fodya nthawi ya sukulu. Eni ake akuti ana akungothandiza makolo awo.
*Wokhudzidwa, dera la Mavwere*

Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wosakwana 18 sayenera kugwira ntchito yoika moyo kapena maphunziro ake pachiswe. Fodya wonyowa amalowetsa nikotini pakhungu, mwana n'kuyamba chizungulire, nseru ndi kusanza, zomwe makolo amaziyesa malungo. Utenanti womwe unkakokera banja lonse m'munda unaletsedwa mu 2021. Inu musalowe mu esiteti, mungamangidwe ndinu. Lembani masiku, maola, chiwerengero cha ana ndi ntchito yomwe akugwira monga mukuonera muli pamsewu, yerekezani ndi rejisitala ya sukulu yapafupi, n'kukapereka ku ofesi ya zantchito ya boma. Iwo ndi omwe ali ndi mphamvu yoyendera malo antchito.

Tikufuna kukapereka chikalata cha madandaulo kwa DC pa nkhani ya ndalama za achinyamata. Tikapemphe chilolezo kwa ndani?
*Mlembi wa gulu, Tembwe*

Ndime 38 ya Malamulo Aakulu imapereka ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwabata, opanda zida. Chomwe lamulo la polisi la 2010 limafuna ndi chidziwitso cholembedwa kwa DC, kope lake kupolisi, kutatsala maola osachepera 48. Tchulani tsiku, nthawi, njira yodutsa, chiwerengero chomwe mukuyembekeza ndi maina a otsogolera, ndipo kope lanu adindepo. Koma musanayende, gwiritsani ntchito lamulo lopezera uthenga lomwe linayamba kugwira mu Seputembala 2020: lemberani khonsolo kupempha ndalama zomwe zinalowa ndi momwe zinagawidwira. Chikalata chonena kuti "ndalama zikubedwa" popanda pepala chikhoza kukubwererani ngati mlandu woipitsa mbiri. Gulu lanu likhalenso lolembetsedwa ku ofesi ya achinyamata ya boma ndi ku National Youth Council of Malawi.

Munthu wina pa WhatsApp akuti ndimutumizire ndalama kuti dzina langa lilowe pa mndandanda wa kafukufuku. Komanso ntchitozi zimalipira bwino?
*Mnyamata wa kabaza, Mchinji Boma*

Musatumize. Bungwe lenileni silipiritsa fomu, intavyu kapena maphunziro. Funsani dzina la bungwelo mukalifufuze ku khonsolo kapena ku NGORA, komwe mabungwe amalembetsa.

Malipiro a enumerator amawerengedwa pa tsiku, ndipo kontirakiti imatha masabata angapo kapena miyezi iwiri, kenako mukhoza kukhala theka la chaka osaitanidwa. Musanasaine, funsani ngati malo ogona, chakudya ndi mayendedwe zili mkati mwa ndalamayo kapena padera, ngati masiku a maphunziro ndi a ulendo akulipiridwa, msonkho womwe adule, ndiponso yemwe alipire tabuleti ikagwa m'madzi powoloka Bua. Njinga yanuyo musagulitse.